Tsiku Limene Kochi Anamvera a Levison

A Levison amakonza njinga pansi pa mthethe, kuseri kwa msika wa pa Nsaru. Ine ndimagulitsa tomato moyang'anizana nawo, ndiye kwa zaka makumi awiri ndamva za timu yathu ya mpira ya Chimwala mpaka makutu kuwawa. Ukapita ndi tayala lophulika, unkabwerako utadziwa zonse za kochi wathu, a Yonasi, mphunzitsi wa kupulayimale.

"Diso ali nalo," ankatero a Levison uku akumata chubu. "Mwana akungothamangitsa mbuzi kudambo, iwo aona kale wogoletsa zigoli. Satukwana osewera, ndipo zokwirira mankhwala pagolo amakana. Koma munthu uja ndi dengu lobooka. Mnyamata akangopsa, amamupereka kumatimu a m'tauni. Nanga ife tidzapambana liti?"

Apa sankanama. Kufesa tinkafesa ife, okolola anali ena.

Chaka china cha chisankho, munthu wina wofuna uphungu anaika chikho, ndipo tinafika mufainolo koyamba. Wotigoletsera anali Fatsani, mwana yekhayo wamwamuna wa a Levison. Lachinayi a Yonasi anabwera pamthethe paja chipewa chili m'manja.

"Bambo a Fatsani, timu ina yaikulu ku Lilongwe ikuyesa anyamata Loweruka lomweli. Mwanayu ndamulembetsa. Mwayi wotere subwera kawiri."

A Levison anaponya sipanala pansi. "Tsiku la fainolo? Ana a eni mwatumiza onse, wangayu ayi. Asewera konkuno."

"Mwana ndi wanu," anatero a Yonasi. Anavala chipewa n'kumapita.

Fatsani anagoletsa ziwiri, chikho tinatenga, a Levison anavina mpaka kutaya nsapato. Ku Lilongwe kuja anatenga mnyamata wa ku Kabudula, ndipo sanaitanenso. Fatsani analima fodya zaka ziwiri osaphula kanthu, kenako anakwera basi ya ku Joni. Patatha zaka zinayi anabwera ali m'bokosi. Akuti chinali chifuwa. Ndinamulira ngati mwana wanga, ndipo a Levison ndinawakwiyira, ngakhale sindinawauze. Popita kumanda, amene anawagwira mkono anali a Yonasi omwewo.

Akomiti ya timu anawapatsa a Levison chikho chija kuti chikhale chikumbutso. Chili pamthethe pomwepo, chachita dzimbiri, amasungiramo mabauti. Kubwalo amapitabe, koma amaima kuseri kwa golo ndipo sakuwanso.

Mwezi watha Chrispin wakabaza, amene wangosamukira kuno, anawaputa osadziwa kanthu. "Madala, kodi kochi wanu wokalambayu mumamuona bwanji? Angopuma basi, eti?"

A Levison anapukuta manja pansanza kwa nthawi yaitali.

"Munthu uja mpira amaudziwa, ana amawadziwanso," anatero. "Cholakwa chake n'chimodzi chokha. Tsiku lina anandimvera ine."