Mwana wa ku Alemanya pa Manda a Bambo Ake

Ndinadzidzimuka tambala woyamba asanalire, ndili chitsamire pakhoma la nyumba ya achimwene. Nyimbo za usiku zinali zitazilala, patangotsala amayi atatu achikulire amene ankang'ung'udza chapansipansi pafupi ndi bokosi. Kunja mwera unkawomba, mafunde akumenya mchenga wa pa Chiwanga osapumira. Choyamba chimene ndinachita ndi kupapasa pambali panga. Katarina analipo, atadzikulunga m'kapulana, nsalu yanga yovala, mawondo ali pachifuwa, maso ali tong'o. Mtima wanga unakhalako pansi pang'ono, koma pang'ono pokha.

Katarina ndi mwana wa achimwene, wobadwira ku Jeremani, kumene kuno timati Alemanya. Achimwene anapita kumeneko ali mnyamata, nthawi imene boma linkatumiza achinyamata kukagwira ntchito m'mafabirika, ndiye kuti m'mafakitale. Dzikolo linali logawika pawiri, khoma lili pakati, ndipo iwo anali kuvuma. Anapeza mkazi wa komweko n'kubereka naye mwana. Atabwerera kuno anthu anawapatsa dzina loti Majerimani, dzina limene linawakakamira mpaka lenileni linatsala pang'ono kuiwalika.

Nkhani ya kubwera kwawo anandiuza kangapo tikuyanika usipa pathandala. Ankati tsiku limene khoma linagwa, nawonso anavina mumsewu, khanda lili paphewa. Anthu ankakupiza mbendera, akufuula kuti ndife mtundu umodzi, ndipo achimwene, mwa kupusa kwawo, ankafuula nawo. Sipanapite nthawi, mayiko awiri aja atasanduka limodzi, mawu omwewo anayamba kumveka pansi pa mazenera a nyumba imene ankagonamo anthu akuda. Kenako kunabwera miyala, kenako mabotolo amoto. Ntchito inatha, anawakweza ndege, mwana n'kutsala. Kuyambira pamenepo achimwene sankapita kumpira kapena kumsonkhano. Ankati, “Khamu likayamba kuimba kuti ndife amodzi, iwe uzifunsa kuti amene sakuwerengedwa ndani.”

Amene ndinaitana Katarina ndi ine. Anawapeza bambo ake pa telefoni zaka zapitazi, ndipo ankalankhulana, nkhalamba ikuseka ngati mwana. Matenda atakula ndinamuimbira m'Chipwitikizi changa chopunduka cha kusukulu, chimodzimodzi chake, n'kumuuza kuti abwere msanga. Anakwera ndege, kenako ina, kenako kabasi kamene timati shapa kuchokera ku Lichinga, koma anafika bambo ake atatsikira kale kulichete dzulo lake.

Mantha anga anayamba usiku wa maliro womwewo. Alamu anga, amasiyewo, sanamuyang'ane n'komwe. Mlongo wawo wa alamu, bambo wamtali wochokera kumapiri a ku Maniamba, anaima pamoto pa amuna n'kulankhula mokweza kuti timve m'nyumba. Anati mzungu uyo wabwerera malo a kugombe, amene a nyumba za alendo akhala akuwasirira. Anati mwana woyamba wa malemu ndi Zuze, mphwake, ndipo wina samudziwa. “Ife pano ndife magazi amodzi,” anatero, “mlendo aonerere chapatali.” Amuna ena anavomereza. Nditamva mawu oti magazi amodzi, ndinakumbukira chenjezo lija la munthu amene anali m'bokosimo.

Kutacha ndinatuluka kukaona za kumoto. Amayi anali atayala mafuwa kuseri kwa nyumba, utsi ukukwawa pansi chifukwa cha mphepo, aliyense akutsokomola ndi kutukwana nkhuni zaziwisi. Ufa wa chinangwa unali m'mabeseni, usipa m'madengu. Amene amabwera pamaliro kudzayeza kukula kwa mphika anali atafika kale, ndipo monga mwa nthawi zonse ndiwo ankalira koposa eni ake. Ndikudutsa, macheza ankaduka. Mayi wina, poganiza kuti ndapita, ananena kuti mlendoyo ali ndi kachikwama kamene sakakasiya pansi, ndipo ndani akudziwa zimene zili m'menemo. Wina anatchula mawu oti anamapopa. Ndinaonapo ndi maso anga khamu likuthamangitsa wogula usipa wachilendo chifukwa cha mawu amenewo, ndipo amene ankathamanga patsogolo anali anthu amene ndimapemphera nawo.

Dzuwa likukwera, anthu anachuluka. A ku Nkholongwe ndi a ku Mtengula anabwera wapansi ndi panjinga. A ku Kobwe ndi ku Likoma analephera, chifukwa nyanja inali itakwiya, palibe boti limene likanayerekeza. Ngalawa zonse zinali zitakokeredwa kumtunda, asodzi atakhala m'magulu, majekete atawakoka mpaka m'makutu. Panafikanso nkhalamba ziwiri zimene zinali ndi achimwene ku Alemanya. Zinapita kwa Katarina n'kumupepesa m'chilankhulo cha kwawo. Iye analira koyamba mokweza, atagwira dzanja la mmodzi wa iwo. Ine ndinayang'ana nkhope za anthu. Sankamva mawu ngakhale amodzi, ndipo munthu akapanda kumva amadzimasulira yekha zoipa.

Nthawi yoona nkhope itakwana, ndinamugwira dzanja n'kulowa naye pamzere wa abale. Bambo wa ku Maniamba uja anaima pakhomo, ndodo ili m'manja. Sanatiletse, koma sanasunthenso, moti tinadutsa chammbali, mapewa akukhudza mphuthu. Katarina anayang'ana bambo ake nthawi yaitali. Chikulireni, aka kanali koyamba kuwaona popanda galasi la telefoni. Anali ndi chipumi chawo, ndi kampata kawo ka m'mano, ndipo aliyense m'chipindamo anaona zimenezo, ngakhale panalibe wonena.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Manda athu ali kumtunda, kupitirira minda ya chinangwa. Akwaya anatsogola, bokosi pambuyo pawo, kenako ife. Mphepo inkatiwaza mchenga m'maso ndi kulanda nyimbo pakamwa pa oimba. Ndinaona kuti anyamata ena, amene sindinkawadziwa bwino, ankayenda kumbuyo kwathu kwenikweni. Tikafulumira ankafulumira. Ndinafinya dzanja la Katarina mpaka anandiyang'ana. Ndinamumwetulira modzikakamiza. Mumtima ndinkapempha achimwene kuti andikhululukire ngati ndaitanira mwana wawo kumsampha.

Kwathu kuno manda amakumba ndi adzukulu, anthu a tsidya lina la mtsinje amene timaikana nawo maliro kuyambira kale. Iwo ali ndi ufulu wochita chipongwe chilichonse pa tsikuli. Amavala zovala za malemu, amawayeseza, ndipo pomaliza amagwira mwana wachisamba n'kumukhazika pamulu wa dothi mpaka abale ake atamuwombola ndi kanthu. Mlendo samukhudza. Zonsezi ndimazidziwa kuyambira ndili mwana, koma ndinaiwala kumufotokozera Katarina, chifukwa sindinaganize kuti zingamukhudze.

Titangofika, adzukulu anatumphuka m'dzenje ali mbuu ndi dothi lofiira, makasu ndi zikwanje zili m'mwamba. Mkulu wawo anali atavala chikhoti chachitali cha achimwene cha ku Alemanya, akuyenda chopendama ngati iwo, akubwebweta Chijeremani chabodza. Onse anathamangira kwa ife akuimba ndi kuponda pansi mwamphamvu. Zuze anasunthira kutsogolo yekha, poti ankadziwa kuti wogwidwa ndi iye. Koma adzukulu anamudutsa ngati chitsa.

Anatizungulira ife. Fungo la kachasu linandimenya m'mphuno. Kumbuyo wina anakuwa kuti, “Mgwireni!” ndipo sindinadziwe ngati ndi mawu a masewera kapena enieni. Katarina anakuwa kamodzi, n'kudzigwetsa pansi, n'kuphimba mutu ndi mikono, chibwano chili pachifuwa. Sanachite kuganiza. Kugwa kotero munthu amachita kuphunzira, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti mwana wakuda amene anatsala kuja anakula akuthamangitsidwa. Ndinayesa kumugwira, koma anandikankhira kumbali. Anamunyamula m'mwamba, iye akuphiriphitha, ine ndikukuwa dzina lake ngati wamisala.

Anakamukhazika pamulu wa dothi. Mkulu wa adzukulu anatapa dothi ndi chala n'kumupaka pachipumi. Kenako anatembenukira kwa anthu.

“Wachisamba ndi uyu,” anatero. “Malemu anatiuza okha, pagombe, akusoka ukonde. Purontu, basi, muwomboleni. Apo ayi bokosi ili silitsika, tigona nalo pompano.”

Akwaya anasiya kuimba. Bambo wa ku Maniamba anatukula ndodo n'kuyamba kuyenda molunjika pamulupo, anyamata aja akumutsatira. Mmodzi ndinamuona akuwerama kutola mwala.

“Mwagwira munthu wolakwika,” anatero bamboyo. “Mtsitseni ameneyo.”

“Ife sitilakwitsa, akulu,” anayankha mdzukulu uja, khasu lili paphewa. “Inu munalipo pamene ankabadwa?”

Ndinafuna kuvula mpango wanga kuti ndimuwombole, koma ndinadziwa kuti wanga sukanathandiza. Ndine ndinamuitana, akanangoti ndikuteteza mlendo wanga. Ndinayang'ana alamu. Iwo ankayang'ana pansi. Katarina anali pamulu paja, dothi likuyoyokera m'maso, akuyang'ana makasu aja limodzilimodzi. Sankadziwa kuti amene amugwirawo ndiwo ali kumbali yake. Ine ndinkawerenga mumtima kuti mwala woyamba ukaponyedwa ndidzagona pamwamba pake.

Amene anasuntha ndi Zuze. Mwana ameneyu ndi wosalankhulalankhula, ukamufunsa kanthu amayankha mawa. Anadutsa pakati pa amalume ake ndi mulu wa dothi, n'kuima pamenepo. Anamasula mabatani a malaya ake oyera, amene anagulira tsikuli, n'kuwavula pamphepo yonse ija. Anawapinda bwinobwino n'kuwapereka ndi manja awiri kwa mkulu wa adzukulu.

“Ndawombola amana anga,” anatero, kutanthauza mlongo wake wamkulu.

“Zuze!” anakuwa amalume ake.

“Titiyu, ababa ankawatchula tsiku lililonse m'ngalawa. Ine ndinatopa nako kumva. Tiyeni tiike maliro.”

Ndodo ija inatsika pang'onopang'ono. Mwala sindinaone kuti unagwera kuti. Adzukulu anakuwa mokondwa, mmodzi n'kuvala malaya aja pamwamba pa matope, ndipo amayi ena anaseka misozi ili m'masaya. Zuze anagwira mlongo wake dzanja n'kumudzutsa. Bokosi litatsika, katekisita anapemphera mwachidule, mphepo ikumutsekera buku. Zuze anatapa dothi n'kuliika m'dzanja la Katarina kuti ayambe ndiye kuponya. Anaponya, theka la dothi n'kutayikira kunja kwa dzenje. Pobwerera ndinamufotokozera zonse m'njira, mawu akundithawa, ndikuthandizira ndi manja.

Madzulo anthu anabalalika msanga chifukwa cha kuzizira. A ku Maniamba anapita osatsanzika. Kuseri kunatsala mafuwa ndi phulusa, agalu akununkhiza m'mabeseni. M'nyumba tinatsala anayi, Zuze atakhala pakhomo atafunda bulangete, alamu ali pangodya nkhope ili kukhoma. Pamene panali bokosi panangotsala mphasa yopanda kanthu, ndipo tonse tinkaizemba ndi maso. Sindinali nditamasukabe. Alamu anali asanalankhule liwu limodzi kwa Katarina, ndipo nyumba ndi yawo.

Katarina anandinong'oneza kuti kodi amuna a makasu aja abweranso. Ndinati inde, mawa m'mawa, kudzameta abale a malemu. Anagwira tsitsi lake lalitali, lopotanapotana, n'kundifunsa ine, azakhali ake, kuti, “Inenso, titiya?”

Ndinabwereza funsolo m'chilankhulo chathu, mokweza pang'ono, ndikuyang'ana kungodya. Kenako alamu anatembenuka, n'kuyang'ana Katarina koyamba kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Muuzeni agone msanga,” anatero. “Lumo limayambira pa wamkulu.”