Anasiya Lamba wa Ababa Anga

Anzanga, mwamuna ameneyu ndinakumana naye ndikulalata.

Ababa anali atangochitidwa opareshoni ya chiuno. Anawaika chitsulo m'malo mwa fupa lomwe linatha. Munthu woti wayendetsa basi zaka makumi atatu, lero kupita kubafa mpaka ndodo ziwiri! Adokotala anati tizipita ku physio, kolimbitsa mwendowo, katatu pa sabata.

Tsiku loyamba tinakhala pabenchi maola awiri. Atatulukira mnyamata wa yunifolomu yoyera, ndinamuyamba.

"Achimwene, mukutiyesa mipando?"

Anaseka. "Pepani. Koma wodwala ndi ndani apa? Amene akumva kuwawa kwambiri akuoneka ngati ndinuyo."

Ababa anaseka mpaka kugwira pabala. "Ameneyu kunyumba timamuti Tsabola. Ulimbe mtima, mwana wanga."

M'chipindamo munali treadmill, makina aja umayendapo koma osafika kulikonse. Ababa anawatcha chigayo. Mnyamatayo ababa anamutcha Kondakitala, poti ankaima kumbuyo kwawo n'kumakuwa, "Tiyeni adalaivala, tiyeni! Chidendene chiyambe kuponda!"

Iye mwini anandiphunzitsa malamulo a ntchito yake. Wodwala amamangidwa lamba wamkulu m'chiuno, ndipo physio sachotsa dzanja palambapo mpaka makina ataima. Pamalaya amakolekapo kachingwe kofiira, kuti munthu akaterereka kasololoke, makina azime.

Sabata yoyamba ababa ankatha mphindi zitatu, thukuta lili kamukamu. Pofika yachinayi, mphindi khumi, ndodo imodzi atayisiya.

Ine ndinkaima pambali, ati kuthandiza. Sipidi ankalemba pakhadi ndi Madamu, mkulu wa chipindacho, koma batani Kondakitala ankandisiyira ine.

"Dina kawiri basi, Tsabola. Usatiulutsire adalaivala."

Loweruka lina anabwera kunyumba, tsiku lake lopuma, kudzawaphunzitsa ababa sitepe ya pakhonde.

"Pokwera uyambe mwendo wabwino, potsika uyambe wodwalawo."

Anabwereza nawo mpaka dzuwa kupendeka, osatopa. Anzanga... ine amene anyamata a kusekondale ankandiopa ngati mayeso a masamu, tsiku limenelo ndinamuthirira madzi osamba m'manja nditagwada. Ndinagwa naye m'chikondi, sindikana.

Ndiye linafika Lachitatu la sabata yachisanu ndi chiwiri.

Ababa atakwera chigayo, ndinatuluka kukawatungira madzi akumwa. Ndikubwerera ndinangomva phuu!

Ndinapeza ababa ali pansi, makina akuyendabe. Kachingwe kofiira kakulendewera pamakina, sikanakolekedwe n'komwe. Kondakitala foni ili m'manja.

X-ray inaonetsa kuti chitsulo sichinasunthe. Koma ntchafu inatupa, ndipo choopsa kwambiri, mtima wa ababa unasweka.

"Chigayo chija ayi, Tsabola. Mundipezere njinga ya olumala, ndakalamba ine."

Adokotala anali atanena poyera kuti akangokhala pansi miyezi imeneyi, mwendowo uuma, sadzayendanso bwino.

Lachiwiri lotsatira Madamu anandiitana mu ofesi.

"Lipoti la mnyamata wathu likuti inuyo munakweza sipidi popanda chilolezo. Kuyambira lero muzidikira panja."

Ndinatuluka. Kondakitala ndinamupeza mukhonde akukankha wilitcheya yopanda munthu.

"Babe, undimvetse. Ndili pa probation. Iweyo sangakuchotse ntchito, ineyo angathe."

"Unasiya lamba wa bambo anga, lero ukufuna undimange nawo ine?"

"Inali foni ya second imodzi yokha..."

"Second imodziyo bambo anga anaigona pansi. Choka, usandinunkhitse mankhwala apa."

Kunyumba ndinawafotokozera ababa zonse. Anasisita ndodo yawo.

"Dzanja lake ndinalimva likuchoka kumsanaku," anatero. "Ndimati ndikanena ndikuphera banja."

Anzanga, apa mpamene ndinalira. Munthu wamkulu kumeza ululu wake chifukwa cha chibwenzi changa!

"Banja lanji, ababa? Mawa valani nsapato zanu za lesi zija. Mukanena nokha."

"Nanga akamuchotsa ntchito mwana wa eni ake?"

"Inunso ndinu bambo wa eni ake."

M'mawa mwake anakanena, mawu ali pansipansi, koma ananena zonse. Madamu anavula magalasi, anandipepesa, kenako anatenga lamba uja n'kuwamanga okha. Kachingwe kofiira anandipatsa ine.

"Kolekani inuyo, muone kuti kagwira."

Ababa anayang'ana makinawo ngati galu amene anawalumapo.

"Sindingathe, mwana wanga."

"Munkatsetsereka mapiri ndi anthu sikisite kumbuyo, mabuleki akulira. Lero muope chigayo? Kwerani. Wabwino uyambe."

Anakwera. Manja ali gwa pazitsulo. Madamu dzanja palamba, ine kutsogolo kwawo ndikuwerenga mapazi mokweza ngati mwana wa sitandade wani. Anatha mphindi ziwiri zokha. Atatsika ababa anati, "Lachisanu tipange zitatu."

Panopa ali pa mphindi khumi ndi ziwiri, ndipo dzulo anafika okha pageti.

Kondakitala anamusamutsira kuchipinda china, sakhudzanso odwala mpaka abwereze maphunziro. Mauthenga ake amabwera tsiku ndi tsiku. "Sorry babe." "Munthu amalakwa." Ababa nawo akuti ndimukhululukire. Iwowo akhululuke, chiuno ndi chawo. Ine foni ija ndikanaiwala mwina. Koma lipoti lija analemba atakhala pansi, mtima uli m'malo, dzina langa akulidziwa kalembedwe kake.

Anzanga, munthu musamuyese ndi mmene amakugwirirani dzanja zinthu zili bwino. Dikirani zimuvute, muone chala chake chiloza ndani.