Yureya wanga anapita ndi madzi

Ndinakwatiwa kwa Mwase ngati mkazi wachiwiri. Pamudzi paja mkazi aliyense amadyetsa ana ake kuchokera m'nkhokwe yake, ndipo ikatha, ana amakadya kunyumba ya mkazi mnzake. Mwana akazolowera mbale ya kwina sabwerera msanga. Ine ndinali ndi ana awiri, mnyamata ndi kamtsikana koyamwa, ndipo sindinkafuna kuti wina andilerere ana ine ndili moyo.

Amuna anga ankanyadira chinthu chimodzi, kusakondera. Kutchalitchi ankawanena za mitala, ndiye ankadzitonthoza ndi chilungamo chawocho. Fataleza akafika pangolo kuchokera ku boma, ankaimika matumba pabwalo anthu onse akuona: wokulitsa ndi yureya kwa mkazi wamkulu, chimodzimodzinso kwa ine. Kenako ankayenda uku ndi uku manja ali kumbuyo, kudikira kuti wina awayamikire.

Nanga mindayo inali yofanana? Mkazi wamkulu ankalima kumunsi, pamene panali khola la ng'ombe za apongozi, dothi lakuda bii, loti njere ikagwa mwangozi imamera yokha. Ine anandipatsa kumtunda, pamchenga wotsetsereka umene analimapo fodya ndi chimanga mpaka unatopa. Chimene chinkakondwa pamenepo ndi kaufiti basi.

Chaka chimene ndikunenachi alangizi a zaulimi anadutsa m'minda yathu. Anatapa mchenga wanga, nautikita m'manja, nati, "Amama, pano yureya musathire yense kamodzi, mvula imutsuka. Thirani theka, theka linalo mudikire chimanga chikakule. Kumunsi kuja angathe kuchepetsa, manyowa alimo kale."

Ndinawapeza amuna anga akumata tayala la njinga, ndipo ndinagwada bwinobwino. Ndinati, "Adada, ndiloleni ndisunge theka la yureya wanga, ndidzathire kachiwiri."

Sanadzutse n'komwe mutu. Pakhomo pathu tsiku lothira linali limodzi. Banja lonse linkalowa m'munda wa kumunsi m'mawa, masana m'munda wanga, phando lililonse kachitsekero kamodzi ka botolo. Tikamaliza, matumba ankawakutumula pabwalo, kuti pasapezeke wonena kuti mnzake wabisa wina wokagulitsa kumsika.

"Ukasunga, mnzako anena kuti ndakuwonjezera mseri," anatero. "Pano timamaliza tsiku limodzi."

Mtima unandiwawa. Ndinati, "Kodi mwana wodwala ndi mwana wonenepa mumawamwetsa mankhwala ofanana?"

"Wayamba mwano," anatero, nabwerera ku tayala lawo.

Mkazi wamkulu anali pomwepo akusenda mtedza, ndipo anamva zonse. Sanali munthu woipa, ndipo zimenezo n'zimene zinkandikwiyitsa kwambiri. Pambuyo pake anandiuza kuchitsime kuti ankadziwa kuti ndikunena zoona, koma akanavomera kulandira wochepa, abale ake akanati wachotsedwa ulemu chifukwa cha mkazi wamng'ono. Aliyense ankasamala nkhope yake. Za mimba ya ana anga panalibe woganiza.

Tinathira yense. Sabata yomweyo kunagwa chimvula cha mkokomo, ndipo ine ndinaima m'munda chitenje chili chonyowa, kuyang'ana madzi akudula mizere n'kutsetserekera kudambo. Patapita masiku udzu wa kudamboko unabiriwira bwino, pamene chimanga changa chinkachita chikasu kuyambira masamba a m'munsi. Chinatulutsa ngayaye chili m'chiuno, zitsononkho zake tating'onoting'ono. Cha kumunsi chinatalika mopitirira, china mpaka kugwa ndi mphepo chifukwa chokhuta. Fataleza amene anagwetsa chimanga chija akanapulumutsa changa.

Nkhokwe yanga inatha anthu asanayambe kutentha tchire. Abale a amuna anga atafunsa, amuna angawo anayankha ine ndikumva: "Ndinawapatsa zofanana. Winayu ndi ulesi chabe." Ulesi ine? Ine amene ndinkazula kaufiti mwana ali kumbuyo mpaka zikhadabo kuthyoka?

Ndinayenda maganyu, koma chimene ndinkabwera nacho sichinkakwanira. Kamtsikana kanali pabere, ndiye kanatsala ndi ine. Mnyamata anayamba kukadya kwa mkazi wamkulu, poyamba masana okha, kenako madzulonso, kenako bulangete lake linasamukira komweko. Ankamusamala bwino, sindinganame, ndipo ndinalibe pakamwa pomuletsera mwana kukhuta.

Chaka chotsatira sindinagwadenso. Tsiku lothira ndinakhalira thumba langa pamaso pa onse. Anandinena kuti ndine wamakani, wakuba, wosokoneza banja, mpaka anatopa okha. Ndinathira kawiri monga ndinauzidwira, ndipo chimanga chinachitako bwino. Sichinafike pa cha kumunsi, koma nkhokwe inadzaza kupitirira theka.

Nditagayitsa ufa woyamba ndinapha nkhuku, ndinasesa pakhonde, ndipo ndinamuitana mwana wanga akuchokera kusukulu. Anabwera mwaulemu, naima pakhomo osalowa, manja atawagwirizanitsa monga amachitira mwana wa eni ake akatumidwa.

"Zikomo amama," anatero. "Ndadya kale kwathu."