Mwamuna Amene Anasinja Mpungabwi

Inu amene sukulu inakuthawani pakati, imvani za Zebron wa ku Mlolo.

Mu 1954 Zebron anali ku maphunziro a uphunzitsi pamene uthenga unafika woti amayi ake adwalika. Anapeza ataikidwa kale. Kusukulu sanabwererenso. Ansembe a pa mishoni anamumvera chisoni n'kumuika kukhitchini, munthu woti ngakhale tiyi ankamuvuta.

Pamishonipo panali Bulazala Agostino, mmisiri wa ku Italy amene ankamanga tchalitchi. Malungo anawasiya mafupa okhaokha, ndipo mbale iliyonse ankangoikankha.

"Akapanda kudya sabata ino tiwabweza kwawo," anatero wansembe wamkulu kwa Zebron. "Nawenso ntchito ithera pomwepo."

Zebron anakanjuta pambali pa bedi. "A Bulazala, amayi anu ankakuphikirani chiyani?"

"Pesito. Kwathu ku Liguria amasinja masamba onunkhira pamodzi ndi mtedza, adyo, mchere ndi mafuta. Kenako amathira pa timizere ta ufa wa tirigu."

Zebron anayesa nkhwani, Bulazala anapukusa mutu. Anayesa chisoso, osathandiza. Tsiku lachitatu amayi Olipa, osesa pabwalo, analowa ndi mpungabwi kuti apachike pazenera uziingitsa udzudzu. Wodwala uja ananunkhiza n'kudzuka.

"Si masamba enieni a pesito, koma ndi pachibale!"

"Ha! Mzungu adye mankhwala a udzudzu?" amayi Olipa anagwira pakamwa.

Zebron anabwereka mtondo. Azimayi opita kuchitsime anatula ndowa kuti aseke bwino.

"A Zebron, mawa tikubweretserani chitenje ndi duku!"

Zebron anangogwira munsi. Anasinja ndi mkwiyo wonse umene anabwera nawo kuchokera kumanda, mpaka masamba anada bii. Amayi Olipa analawa n'kulavula.

"Mwanawe, ukusinja ngati masambawa ndiwo anatenga amako. Tsamba si chimanga. Pera."

Anamugwira dzanja, nazungulitsa munsi pang'onopang'ono. Zebron anapukuta maso ndi phewa n'kuyambiranso. Ulendo uno zinatuluka zobiriwira, fungo lake kufika pakhonde. Anakanda ufa ndi mazira, anaupyapyalitsa ndi botolo, anadula timizere, nawiritsa.

Bulazala anadya zonse. Atatha anaseteka supuni.

"Amayi akanati mchere wachepa. Zatsalako mumphika?"

Mvula isanagwe tchalitchi chinafoleredwa. Zebron anaphika pamishonipo zaka zambiri, naphunzira nyemba zophika ndi timizere tija, ndi timibulu ta maungu ta anthu a ku Mantova, ku Italy komweko. Alendo ochokera ku tauni ya Fort Jameson ankachita kufunsa tsiku limene iye aphike. Uphunzitsi sanaupeze, ndipo amayi ake sanalaweko chilichonse cha m'manja mwake. Koma iye mwini ankadya n'kukhuta, ndipo ankagona tulo.

Osataya mtima, abale anga. Wopita wapita, sabwerera. Inu otsala, mawa mudzuke mukayesenso.