Tsiku Lomwe Thirakitala Inakana Kunyamula Mwini Wake

Amuna anga anamwalira mvula ili pakati, zaka zija matipate atangoyamba kumene, pomwe sabata sinkatha osamva kulira m'midzi yathu ya ku Phalombe. Matendawo sitinkawatchula dzina. Tinkangoti adwalitsa, aliyense n'kumva. Iwo anali mkamwini pamudzi pathu kwa Kaduya. Kwawo kunali kumunsi, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene nthawi ya dzinja munthu umayenda utakwinya nsalu mpaka m'mawondo. Mwambo wake ndi wodziwika: mkamwini akafa, mtembo ndi wa abale ake. Ife akazi timangobwereka.

Koma iwo sankafuna kupita kwawo. Anandiuza ali pamphasa, mawu akutuluka movutikira: “Mayi a ana, mudzandiike konkuno, pafupi ndi kamtsikana kathu.” Ankanena mwana wathu woyamba, yemwe chikuku chinatilanda asanayambe sukulu. Anagona kumanda a mudzi wathu, m'mbali mwa msewu wopita ku Chilwa. Ndinawayankha kuti auze okha abale awo, chifukwa ine sadzandimvera. Anati adzawauza akabwera. Abalewo anabwera mawu atatha kale. Nditawafotokozera malume awo, mwini mbumba, anandiyang'ana mwachifundo ndithu, koma anati, “Mawu a pamphasa alibe mboni, mayi. Tipita naye.”

Galimoto iliyonse ikanatitimira m'matope a msewu umenewo. Chomwe chikanatha kufika chinali chimodzi basi, thirakitala yawo yomwe. Inali yaing'ono, yakale, utoto utasupuka, ndipo anaipeza atasiya ntchito yoyendetsa ku esiteti ya tiyi ku Mulanje. Inkalima m'minda ya anthu, inkanyamula njerwa, mpunga, odwala, ndiponso mabokosi a maliro. Thupi litayamba kuwathera, manja awo ndinasanduka ine. Ankakhala pampando pakhonde atavala jekete dzuwa likuswa mtengo, n'kumandikalipira: “Osati sipanala imeneyo, mayi inu! Yaing'onoyo!” Ine n'kuwabwezera kuti ngati akudziwa kwambiri adzuke adzamange okha. Tinkakangana choncho mpaka injini italira, kenako n'kuseka.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, bokosi analikweza pangolo ya thirakitala, amayi a mpingo akuimba. Ine ndinali m'nyumba pamphasa monga namfedwa, mayi anga ali pambali panga, ndikudikira kuti andiitane ndikakwere. Mlamu wanga, mng'ono wa malemuwo, yemwe ankayendetsa minibasi ku Limbe, anakhala pampando wa dalaivala n'kupotokola kiyi. Sitata inazungulira, gwe-gwe-gwe-gwe, koma injini osagwira. Anayesanso. Anayesanso kachikena. Nyimbo ija inayamba kuchepa mphamvu, mpaka inangotha yokha pakati pa vesi.

Ine vutolo ndinalidziwa ndi makutu, ndili momwemo m'nyumba. Sitata inkazungulira mwamphamvu, ndiye batire inalibe mlandu. Koma injini sinkatsokomola n'komwe, kusonyeza kuti dizilo sakufika. Ndipo chifukwa chake mphuno yanga inali itachimva kale. Utsi wa moto wa pasiwa, womwe unkalowa m'nyumba anthu akuchezera, unkanunkha dizilo. Nkhuni zinali zonyowa ndi mvula, ndipo azibambo akwathu moto ukamakana pamaliro safunsa munthu, amangotapa kadizilo n'kuwaza. Chivindikiro cha thanki chinali ndi loko, ndiye ndinadziwa kuti anakwawira kunsi n'kumasula paipi. Komatu paipi ya dizilo ukangoimasula, mpweya umalowa, ndipo injini siilira ngakhale thanki itadzaza mpaka kukamwa.

Panja amuna anayamba zawo. Ndinkamva wina akugogoda mitu ya batire ndi mwala. Wina anati ikankhidwe, anzake n'kumufunsa kuti m'matope amenewa akankha ndani. Mlamu wanga anayatsa kansanza n'kukayandikiza pomwe injini imakokera mpweya, mmene amachitira madalaivala m'mawa kukazizira. Zonsezo ziii. Anthu anasiya kuyang'ana injini, anayamba kuyang'ana bokosi.

Pamenepo malume aja anavula chipewa n'kupita pangolo. Kwathu galimoto ya maliro ikakana, sitithamangira makaniko, timayamba talankhula ndi mwini ulendo. Anayamba m'Chilomwe, motsitsa, kenako anatembenukira m'Chichewa kuti tonse timve. “Mphwanga, tabwera kudzakutengani. Mayi anu akukudikirani kumudzi. Ngati chilipo chakukwiyitsani, tikhululukireni. Musatichititse manyazi pamudzi pa eni.” Anakodola mlamu wanga. Kiyi anapotokoka, sitata inazungulira, injini inakhala chete. Malumewo anagwira m'mphepete mwa ngolo, n'kunena kuti, “Dzuwa likafika pamutu isanalire, ndiye kuti mwini wake wakana. Wakufa salimbana naye. Adzukulu adzakumba konkuno.”

Za mpweya ndinkazidziwa, inde, koma ndani anatuma manja a munthu uja ku paipi imeneyo, tsiku limeneli, pa thirakitala yomwe inali isanakanepo ulendo wa maliro? Mpaka lero funso limenelo limandipeza ndikupalira kumunda, n'kuimika khasu. Ndinaweramitsa mutu, mumtima ndikuti, bambo a ana, mwatero? Chomwe ndinkafunika kuchita chinali chimodzi chokha, kukhala phee pamphasa mpaka dzuwa likwere. Ntchito yophweka ngati imeneyo sindinapatsidwepo chibadwire.

Ndiye mlongo wawo wa malemuwo anatsegula pakamwa. Anali pakhonde, pafupi ndi zenera, ndipo sananong'one ayi. “Wakana ndani? Wakufa amadziwa za injini? Waimanga ndi uyu ali m'nyumbamu! Anayamba kudya mwana, wadya mwamuna, lero akufuna ndi mafupa omwe.” Ana anga awiri otsalawo anali pomwepo pakhonde, akumva chilichonse. Palibe anamudzudzula. Ndinangomva kung'ung'udza kukuyenda pakati pa anthu ochokera ku Chilwa aja.

Ine mtima wanga ndi wapachala, amene amandidziwa sangatsutse. Koma za mwana wanga zija, aaa, ayi! Mwana yemwe ndinathamanga naye kuchipatala ali kumbuyo, n'kubwera naye ali wozizira, ndimudye ine? Mayi anga anandigwira nsalu. “Khala pansi iwe, namfedwa satuluka asanaitanidwe.” Ndinawatsomphola nsaluyo m'manja. Ndinatuluka wopanda nsapato, maso ali gwa, anthu n'kumapatuka okha. Nditafika pa thirakitala ndinati, “Tatsikani, alamu.” Anatsika. Ndinatukula mpando n'kutenga sipanala yaing'ono ija pamalo pake.

Ndinayamba mmene ankayambira eni ake. Waya wozimitsira injini anali wokankhidwa bwino. Kampopi ka pansi pa thanki kanali kotsegula. Nati ya paipi inali yonyowa, yomangidwa mokhota, ndipo pansi pake matope anali ndi mawanga a dizilo. Ndinaimasula n'kuimanganso mowongoka. “Anagwira apa ndani?” ndinafunsa. Azibambo anayang'ana pansi. Msuweni wanga wina, munthu wamkulu ndi ndevu zake, ndiye anati, “Moto unkakana, achemwali. Tinangotapa pang'ono.” Ndinangobwerera ku injini, kuopa kumutukwana pamaso pa bokosi.

Kenako ndinamasula kabawuti ka pamwamba pa fyuluta, n'kuyamba kupopa ndi chala kachitsulo ka pampu yaing'ono ya m'mbali mwa injini. Bokosi linali kumbuyo kwanga, pafupi kwambiri moti ndikanatambasula mkono ndikanalikhudza. Sindinacheuke. Koma ndikukuuzani zoona, amuna anga ndinkawamva. Osati ngati kukumbukira, ayi, ndinkawamva kumsana kwangaku, mmene umadziwira kuti munthu wakhala pampando akukuyang'ana. “Pang'onopang'ono, mayi inu. Nati si mdani wanu.” Manja anga ankadziwa kopita.

Pakabawuti paja panatuluka thovu, fwee, fwee, loyera ngati la sopo. Ndinakuwa, “Alamu aakazi, bwerani mudzaone ufiti wanga! Ndi uwu, ukutuluka apa!” Sanabwere. Ena anasendera n'kumasuzumira. Ndinapopabe mpaka thovu linatha, dizilo woyera n'kuyamba kuyenderera m'zala zanga. Ndinamanga pamenepo, n'kuchita chimodzimodzi pa pampu yaikulu. Kenako ndinamasula pang'ono manati a mapaipi opita pamwamba pa injini, n'kuuza mlamu wanga kuti akwere apotokole kiyi mpaka dizilo athovoke. Anathovoka.

Apo m'pamene mkwiyo unandithera, mwadzidzidzi, ngati madzi a mumphika wobooka. Ndinayang'ana kumwamba. Dzuwa linali lisanafike pamutu, koma silinali kutali. Ndinazindikira chomwe manja anga ankachita: ndinkakonza ulendo womwe amuna anga anandipempha kuti usadzachitike. Panatsala kumanga manati aja basi. Ndikanatha kumasulanso pang'ono paipi ya pansi ija, mpweya n'kulowanso, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe pagulupo akanadziwa. Ndikanangopukuta manja n'kunena kuti yandikanika.

Koma ndinali nditaigwira kale pamaso pa anthu onse. Ikanakana tsopano, akanati waimanga kawiri, poyamba ndi mankhwala, kenako ndi sipanala. Ndinayang'ana pakhonde. Ana anga anali ataimirira, wamkulu atagwira dzanja la mng'ono wake. Akanakula akutchedwa ana a mfiti kusukulu, kumjigo, kumsika, mpaka tsiku lofuna banja. Ndinatchera khutu kumsana kwanga kuja, ndikupempha mumtima kuti anene liwu limodzi lokha, lakuti lekani. Akanatero ndikanaleka, zinazo zikanaoneka kutsogolo. Koma kunali zii. Amene ankandilongolola pa nati iliyonse, pamenepa anakhala chete.

Ndinamanga manatiwo. “Lizani, alamu.” Injini inatsokomola, inatsokomolanso, utsi woyera unatuluka, kenako inagwira, du-du-du-du, ngolo yonse n'kumanjenjemera pamodzi ndi bokosi. Amayi ena anafuula. Malume aja anaombera m'manja mwaulemu atayang'ana bokosilo, n'kunena kuti, “Zikomo mphwanga, mwavomera.” Ndinafuna kukuwa kuti sanavomere. Nyimbo inayambiranso. Mlongo wawo uja anakwera pangolo osandiyang'ana, ndipo mayi anga anandibweretsera nsapato.

Ndinakhala kumutu kwa bokosi, dzanja langa lonunkha dizilo lili pamwamba pake. Chiyembekezo chinali chitatsala chimodzi. Injini yomwe yangotulutsidwa mpweya nthawi zambiri imayenda pang'ono n'kuzimanso, chifukwa kathovu kena kamabisala m'paipi. Zinkatichitikira kawirikawiri, iwo n'kumandiseka kuti ndapupuluma. Tikuyandikira manda a mudzi wathu, ndinawerama n'kuika pakamwa pafupi ndi thabwa. “Bambo a ana, ndi pano. Ngati munali inu, izimitseni pano. Sindidzagwiranso sipanala, ndalumbira.”

Ndinamvetsera injini ndi thupi langa lonse. Mitengo ya kumanda inafika pambali pathu, ndinaona ndi kanjira komwe kolowera pomwe anagona mwana wathu. Injini sinaphonye ngakhale kamodzi. Ntchitoyo ndinali nditaigwira bwino, mmene anandiphunzitsira eni ake. Tinadutsa, ndipo mwanayo tinamusiya yekha.