Manja a Anaulusi Atayamba Kuluma

Mumsewu umenewo munalibe mwana amene anakula osavalapo juzi la Anaulusi. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Anaphunzira kuluka ali namwali, pa masipoko awiri a njinga osongoledwa pamwala, ndipo amuna awo atamwalira, zala zomwezo ndi zimene zinalera mwana wawo mmodzi yekhayo mpaka anakhala dalaivala wa basi. Manja awo anali ofunda ngati buledi wongophulidwa kumene. Khanda lovuta chotani likafika mmenemo linkangoti zii.

Mpongozi wawo atakhala woyembekezera, Anaulusi anagula ulusi wa nayiloni wachikasu nayamba bulangeti la mdzukulu. Dalaivala uja, pofuna kuti mayi ake asamazizidwe ndi simenti, anayala kapeti yatsopano pabalaza nawagulira nsapato zofewa za mphira. Inali nyengo youma ija imene milomo imang'ambika ndipo khungu limatuwa. Tsiku lonse mayiwo ankakhala pampando wapulasitiki, bulangeti likukhuzika pamiyendo, mapazi akukwekwesa kapeti.

Tsiku limene khanda linafika kuchokera kuchipatala, Anaulusi anadzambatuka, manja ali tambasu.

"Bwera naye kuno, mwana wanga, ndimuone mwamuna wangayo."

Chala chawo chitangoyandikira dzanja la mpongozi, kunamveka kuti thee! Mtsikanayo anakuwa, khanda linatsala pang'ono kupulumuka m'manja mwake. Onse anaima kakasi.

"Amayi, mwandibaya ndi singano?"

Anaulusi anaonetsa zikhato. Munalibe kanthu. Anakhalanso pansi, bulangeti lili pamiyendo. Patapita kanthawi anadzuka, nati angosisita kakhutu ka mwanayo. Thee! Khanda linalira mpaka kufiira nkhope.

Dalaivala anathamangira kukhoma nazimitsa magetsi a nyumba yonse. Mmawa mwake anawasiya ozimitsa, koma mayi ake atamupatsira kapu yachitsulo, kapuyo inamuluma iyenso. Apo ndiye nyumba inazizira. Ngati si mawaya, ndiye n'chiyani?

Mpongozi sananene mawu oipa. Ankangoti, "Wagona, amayi," kapena, "Akuyamwa," chitseko cha kuchipinda chili chotseka. Anaulusi ankamumva mdzukulu akulira kuseri kwa khoma, iwo atapinda manja m'khwapa ngati wakuba. Ankawayang'ana manjawo, ankawanunkhiza, anawasambitsa ndi madzi amchere. Manja amene anafunditsa ana a msewu wonse, lero aziluma magazi awo omwe? Chakudya chinasiya kutsika. Ankangoluka, kulukabe, osadziwa kuti akusonkhezera moto womwewo.

Loweruka kunabwera mng'ono wawo, mphunzitsi wa sayansi, mayi wapakamwa posagona ntchentche. Anatambasula dzanja kuti apereke moni, Anaulusi n'kubisa lawo kumbuyo.

"Usandikhudze, mng'ono wanga. Ndalowedwa chinthu."

"Chinthu chanji chingalowe mwa inu, achemwali, n'kupeza malo? Bweretsani kuno."

Thee! Mphunzitsiyo anakupiza dzanja, nayang'ana kapeti, nsapato, mpando, bulangeti. Kenaka anaphulika chiseko mpaka kugwira nthiti.

"Ukuseka maliro anga?"

"Ndikuseka ana anga a m'kalasi. Chaka chonse ndimavutika kuwaonetsa zimenezi, pamene inu mwatsegula fakitale yake pabalaza!"

Anaitana dalaivala ndi mkazi wake. Anatulutsa chipeso m'chikwama, nachikhuza pabulangeti, nachiyandikiza ku tizidutswa ta pepala. Tisanakhudzidwe n'komwe, tinadumpha n'kukakamira. Mpongozi anagwira pakamwa.

"Zinthu ngati izi zikakhuzana," anatero mphunzitsi, "china chimalanda mphamvu ya magetsi kwa chinzake. Mphamvuyo ili mitundu iwiri: yofanana imakankhana, yosiyana imakokana, ndipo kukokako kumafika ngakhale pamene chipeso sichinagunde. Achemwali anuwa akhala akuidzikundikira m'thupi. Mphira wa nsapato waitsekera njira yopita pansi, mpweya nawo ndi wouma. Ndiye ikaona munthu, imadumphira pomwepo."

"Nanga, amayi aang'ono," anatero mpongozi motsitsa mawu, "bwanji ineyo sindiluma?"

"Ukufuna kuluma? Vala nsapatozi. Funda bulangeti. Khala apa, uzikwekwesa mapazi ngati nkhalamba."

"Nkhalamba ndiwe," anang'ung'udza Anaulusi.

Mphunzitsi anatseka makatani kuti mukhale kamdima. "Tsopano gwira khutu la mwamuna wako."

Pakati pa chala ndi khutu panang'anima kamoto kobiriwira. Dalaivala, bambo wathunthu, anadumpha n'kugunda kabati, mbale zili gwedegwede.

"Mayo! Iwenso, mayi a mwana?"

Mtsikanayo anayang'ana chala chake, maso ali tong'o. Kenaka anayang'ana apongozi ake, mmene anaondera masiku ochepa omwewo. Anagwada pansi.

"Amayi, ine ndimaganiza..."

"Inenso ndimaganiza zomwezo, mwana wanga. Dzuka."

Mphunzitsi anawavula nsapato achemwali ake, nawatsogolera kukhitchini, pasimenti yozizira. "Gwirani mpopi." Panamveka kathee kakang'ono. "Gwiraninso." Zii.

Mpongozi analowa kuchipinda natuluka ndi khanda, lokulungidwa m'nsalu yathonje. Anaulusi anabwerera m'mbuyo.

"Yamba iwe wandikhudza."

Mtsikanayo anawagwira dzanja, nalifinya. Linali lofunda monga kale. Ndipo anawaika mwanayo pachifuwa. Kanthuko kanayasamula, kanafunafuna ndi kamutu, kenaka kanagwira chala chomwe chija chimene chinakaluma, osachitaya. Anaulusi anaima pomwepo, mapazi ali pasimenti, misozi ikudontha pansalu, osayerekeza ngakhale kupuma mokweza.

Kapeti anaipinda tsiku lomwelo. Bulangeti analimaliza, koma mwanayo analifunda mvula itagwa, mpweya utafewa. Anaulusi anakhala zaka zambiri pambuyo pake, analera adzukulu ena atatu, koma chizolowezi chimodzi sichinawachoke. Ukawapatsa khanda, ngakhale kuchipatala, ngakhale m'basi ya mwana wawo, ankati, "Taima kaye," n'kuvula nsapato, n'kufunafuna chitsulo choti agwire. Akatero m'pamene ankatambasula manja.