Mkuyu Umene a Popera Anadula

Zaka makumi atatu a Popera ankapopera mankhwala ophera tizilombo m'mahotela ndi m'nyumba za anthu, mpaka dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso. Munthuyu ankadana ndi chilichonse chokwawa. Nyerere ikadutsa pakhonde, ankadukiza nkhani kuti athane nayo kaye, ngakhale mlendo akhale wolemekezeka bwanji.

Atapuma pantchito anatsala awiriwiri ndi akazi awo, ana atabalalika. Kuseri kwa nyumba, pakati pa thanki ya madzi ndi chingwe choyanikapo zovala, kunali mikuyu iwiri imene mayiwo anadzala ndi nthambi zochokera kwa malemu bambo awo. Wina unkabereka nkhuyu zofiira m'kati, zotsekemera mpaka kumata zala. Winawo unkabereka zouma ngati thonje, zodzaza tizilombo takuda.

Chaka china mayi atapita kukadwazika mng'ono wawo, a Popera anadula mkuyu wa tizilombowo, chitsa n'kuchithira oyilo. Mayi pobwera anaima pachitsapo nthawi yaitali.

"Bambo ankati mitengo imeneyi sailekanitsa," anatero.

"Zachikale zimenezo. Ine tizilombo ndimatidziwa kuposa bambo anu."

Kuyambira pamenepo, mkuyu wotsalawo unkayoyola nkhuyu zikadali zanthete. A Popera anathira manyowa, anathira feteleza, anapopera, koma ayi ndithu. Anagula mbande ya mtundu wina wobereka paokha. Itabereka, mayi analuma imodzi n'kunena kuti ndi madzi okhaokha, njere zake n'zopanda kanthu. A Popera zinawapweteka, koma pakamwa pawo mawu oti ndinalakwa anali asanatulukepo chibadwire.

Kenaka mayi anadwala. Atagona m'chipatala miyezi iwiri, adokotala anati ndi bwino azikapumulira kunyumba, ndipo aliyense anamva tanthauzo lake. Chakudya chinkawakanika. Chimene ankapempha ndi nkhuyu imodzi yokha ya mtengo wa malemu bambo awo. M'mawa uliwonse a Popera ankafufuza nthambi ndi nthambi, n'kubwerera chimanjamanja.

Mchimwene wa mayiwo, mlimi wa zipatso, atabwera kudzazonda matenda, anazungulira kuseri n'kuona chitsa chija.

"Alamu, mkuyu wamphongo uja munadula? Tizilombo tija ndi timene timatenga ufa wa maluwa mu nkhuyu zake n'kukalowa nawo mu za waukaziwu. Popanda ito, mtundu uwu sukhwimitsa. Inu munangomva zoti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, basi n'kutola nkhwangwa?"

A Popera anachita manyazi, ndiponso mantha, chifukwa mkuyu wa kumudzi, kumene mayi anatenga nthambi zija, unali utatha kale kubereka chaka chimenecho.

Sabata yotsatira alamuwo anatumiza nthambi ya mtengo wamphongo. A Popera anaidzala pafupi ndi zenera la kuchipinda, kenaka analowa n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Mayi, ndinalakwa ine."

Mayiwo anatembenuza mutu pang'onopang'ono kuyang'ana kamtengoko.

"Kadzayamba liti kubereka?"

"Alamu akuti zaka zitatu."

"Zitatu," anabwereza mayiwo, n'kutseka maso. "Ndiye mudzandidyereko zofiira zija, bambo. Ine ndatopa."